MTENGO WA PA FONI SI MTENGO WA PAMUDZI

Wolemba Mtolankhani Wathu ku Lundazi

MWEZI wa August ukafika, pa boma la Lundazi pamakhala piringupiringu. Alimi amakhala atagulitsa cimanga, nshawa, soya, thonje ndi nyemba zija zimene zinabukitsa dzina la Lundazi m'misika ya dziko lonse, ndipo ndalama zimakhala zikali m'manja. Ndiyo nyengo imene banja limakhala pansi ndi kukumbukira zonse zimene linasowa caka cathunthu: malata, njinga, nyale ya sola, nsapato za ana a sukulu, mwinanso makina osokera.

Kale munthu wofuna zinthu zotere anali ndi njira ziwiri cabe, kulowa m'sitolo ya pa boma kapena kukwera basi kupita ku Chipata. Lero kwabwera njira yacitatu. Mwana wa pabanjapo amatulutsa foni, naonetsa makolo ake cithunzi ca katundu amene akumufunayo, pamodzi ndi mtengo wocepa kwambiri kuposa wa m'sitolo. Makolo amadabwa, ndipo ena amatumiza ndalama tsiku lomwelo.

Awerengi athu ayenera kudziwa kuti mtengo wolembedwa pansi pa cithunzi cija ndi ciyambi cabe. Pakati pa cithunzico ndi khomo la nyumba yanu pali zinthu ziwiri zimene zimadya ndalama, ndizo msonkho ndi mtunda. Kwa ife a kuno ku Lundazi ziwirizi zimayenda pamodzi, pakuti katundu akacokera kutali msonkho wakenso umakula.

Si cinthu cacilendo

Kugula cinthu cimene sunacione ndi maso si khalidwe la lero. Acikulire akukumbukira mabuku a zithunzi a masitolo akutali, m'mene aphunzitsi ndi makalaliki anali kusankhamo masuti, mawochi ndi mawailesi, naitanitsa pa positi, ndi kulipira pa positi ofesi tsiku lolandira phukusi. Akukumbukiranso zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene anthu anali kuima pamzere pa masitolo a Boma monga ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC kuyembekeza sopo, shuga ndi saladi, ndipo munthu wa kumudzi anali kutuma m'bale wake wa ku Lusaka kapena ku Migodi kuti amgulire.

Cimene casintha ndi kalipiridwe. Masiku aja phukusi linali kuyamba kufika, ndalama pambuyo. Lero ndalama ndizo zimatsogola, kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo zimafika kwa wogulitsa katundu asananyamuke.

Munthu wa ku Lundazi akagula pa intaneti, kawirikawiri amatsata imodzi mwa njira zitatu. Yoyamba ndiyo kugula kwa amalonda a ku Lusaka, monga a ku Kamwala ndi ku City Market, amene amaika zithunzi za katundu wao pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok, natumiza phukusi pa basi yocokera pa Intercity. Yaciwiri ndiyo kuitanitsa ku masitolo a maiko akunja monga AliExpress, Shein ndi Amazon, makamaka kudzera mwa anthu a ku Lusaka amene nchito yao ndi kubweretsera anzao katundu. Yacitatu ndiyo kugula kwa amalonda oyenda, amene amapita ku Nakonde, ku msika wa Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam kapena ku Malawi, natumiza zithunzi kwa makasitomala ao akali paulendo.

Mtunda uli ndi mtengo wake

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndipo kucokera ku Chipata kufika pa boma la Lundazi pali enanso pafupifupi 180. Cotero phukusi locokera ku likulu la dziko limayenda makilomita okwana ngati 750. Msewu wa Chipata–Lundazi wakhala wodandaulitsa kwa zaka zambiri, ndipo eni magalimoto akaononga matayala ndi masipiring'i, amabweza ndalama zao pa mtengo wonyamulira.

Ndiponso phukusi silifika pakhomo. Midzi yathu iribe maina a misewu kapena manambala a nyumba monga kumayadi a ku Lusaka, cotero ulendo wa phukusi umathera pa siteshoni ya mabasi kapena pa positi ofesi. Wa kwa Mwase, wa kwa Kapichila ngakhale wa kwa Mphamba ayenera kupalasa njinga kapena kulipira njinga yamoto kuti akalitenge. Anzathu a ku Chasefu ndi ku Lumezi, amene maboma ao anapatulidwa ku Lundazi mu 2018, ambiri akali kudalira pa boma la Lundazi pa zinthu zotere. Wa ku cigwa ca Luangwa, kwa Chitungulu, kwa Kazembe kapena kwa Mwanya, amadziwa kuti mvula ikalimba misewu imaduka, ndipo phukusi lingagone pa boma masabata angapo.

Palinso vuto la kubweza. Munthu wa mu Lusaka akalandira nsapato zosamkwana, amakwera minibasi nakasinthitsa tsiku lomwelo. Wa kuno akalandira zotero, ndalama yobwezera phukusi ndi yolandiriranso lina ingafike pafupi ndi mtengo wa nsapatozo. Ambiri amangozipereka kwa mng'ono wao, nadandaula camumtima.

Koma mtunda womwewo ndiwo umakankhira anthu ku foni. Cipangizo ca cigayo, batire ya sola kapena buku la mwana wa ku koleji zikasowa pa boma, kuitanitsa pa foni kumachipa kuposa kukwera basi, kugona ku Lusaka ndi kubwerera. Motero amene afunitsitsa malonda a pa intaneti ndi munthu wa kutali, ndipo amene amawalipirira kwambiri ndi yemweyo.

Misonkho imene iri m'kati

Msonkho waukulu wa pa malonda m'dziko lino ndi umene umachedwa VAT. Unayamba pa 1 July 1995, kulowa m'malo mwa msonkho wakale wa Sales Tax, ndipo amautolera ndi a bungwe la Zambia Revenue Authority, kapena kuti ZRA, limene linayamba nchito mu 1994. Poyamba unali K20 pa K100 iriyonse, pambuyo pake unatsika kufika pa K17.50, ndipo mu 2008 unatsikanso kufika pa K16. Zinthu zina zofunika pa moyo, monga cimanga ndi ufa wa nsima, ziribe msonkho umenewu. Zovala, nsapato, mawailesi ndi ziwiya zambiri za m'nyumba ziri nao.

Wogula sauona msonkhowu cifukwa uli kale m'kati mwa mtengo. Ndipo popeza umawerengedwa pa mtengo wogulitsira, sitolo ya kuno imene yakweza mtengo kaamba ka zonyamulira imatoleranso VAT yokulirapo pa cinthu comweco cimene ku Lusaka cimagulidwa mochipa.

Katundu wocokera kunja ali ndi msonkho wina wa pamalire. Makina ndi zipangizo zopangira zinthu zina zimalipira wocepa kapena sizilipira konse, koma zinthu zambiri zopangidwa kale zimalipira K25 pa K100 iriyonse. Apa ndipo pamene mtunda ndi msonkho zimagwirana manja, pakuti a kasitomu sawerengera pa mtengo wa cinthu cokha ai. Amayamba aonkhetsa mtengo wa cinthuco, ndalama yocinyamulira kufika m'dziko lino, ndi inshuwalansi. Pa ciwerengero cimeneco amaikapo msonkho wa pamalire, ndipo pamwamba pa zonsezo amaikapo VAT.

Tiyeni tiyerekeze ndi ziwerengero zongopereka citsanzo. Mwaona pa foni cinthu ca K1,000 ku sitolo ya ku China, ca mtundu uja wolipira K25 pa K100, ndipo cifunika K400 kuti cifike m'Zambia. Pamodzi ndi K1,400. Msonkho wa pamalire ukhala K350, ndipo tafika pa K1,750. VAT ya pa K1,750 ndi K280. Cinthu cija tsopano cafika pa K2,030 cikali ku Lusaka, cisanakwere basi ya ku Lundazi, inunso musanacoke pamudzi kukacitenga.

Pa misonkho ya K630 imeneyi, K450 ndi ya cinthu ceniceni, ndipo K180 yabadwa cifukwa ca mtunda wokha. Dziko lathu liribe doko la panyanja, cotero katundu wathu amadzera ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Nacala, ku Durban kapena pa ndege, ndipo ulendo uliwonse wotere umalowa m'ciwerengero ca msonkho.

Palinso timisonkho tina timene timatsata foni yeniyeniyo. Mayunitsi oimbira ndi a intaneti ali ndi msonkho wao. Kuyambira pa 1 January 2024 munthu wotumiza ndalama kwa mnzake pa foni amalipira msonkho, umene poyamba unali pakati pa 8 ngwee ndi K1.80 molingana ndi kukula kwa ndalamazo, ndipo unakwezedwa pambuyo pake. M'caka comweco ca 2024 makampani akunja ogulitsa zinthu zosagwirika ndi manja, monga mafilimu, nyimbo ndi mapulogalamu a pa foni, analamulidwa kulembetsa ku ZRA ndi kutolera VAT kwa makasitomala ao a m'Zambia.

Mkangano wa 2019

Nkhani ya msonkho wa pa malonda inavuta m'dziko lino zaka zingapo zapitazo. Mu September 2018 nduna ya za cuma ya nthawi imeneyo, Mai Margaret Mwanakatwe, inalengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti VAT idzacotsedwa ndipo Sales Tax idzabwerera. Boma linali kudandaula ndi ndalama zambiri za VAT zimene linayenera kubweza kwa makampani, makamaka a migodi. Msonkho watsopanowo unayenera kukhala K9 pa K100 pa katundu wa m'dziko muno, ndi K16 pa katundu wakunja.

Amalonda anakana, ndipo cifukwa cao cimakhudza ife a kumidzi. Pa VAT, wamalonda wolembetsa amacotsako msonkho umene analipira pooda katundu, cotero msonkho suunjikana. Pa Sales Tax imene inakonzedwayo, msonkho ukanabwerezedwa nthawi iriyonse katundu akasintha manja. Sopo wofika pa kantemba ka kumudzi amakhala atadutsa kwa wopanga, kwa woodetsa wa ku Lusaka, kwa woodetsa wa ku Chipata ndi kwa wa sitolo pa boma. Munthu wa kutali ndiye akanasenza mtolo wolemera koposa. Tsiku loyambira linasunthidwa kangapo, ndipo mu September 2019 nduna yatsopano, Dr Bwalya Ng'andu, inalengeza kuti VAT ikhalabe.

Zimene maiko ena anaona

Ku America ndiko kumene nkhani iyi inafufuzidwa kwambiri, cifukwa kumeneko cigawo ciriconse cimaika msonkho wake wa pa malonda, ndipo zigawo zina monga Oregon ndi Delaware ziribe konse. Mu 1992 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti cigawo sicingakakamize sitolo kutolera msonkho ngati sitoloyo iribe nyumba kapena anchito m'cigawomo. Malonda a pa intaneti atayamba, anthu anaona kuti kugula kwa wogulitsa wakutali kunali kuzemba msonkho.

Mu 2000 katswiri wa za cuma wa pa yunivesite ya Chicago, Austan Goolsbee, atafufuza kagulidwe ka anthu pafupifupi 25,000, anapeza kuti okhala m'madera a msonkho wokwera ndiwo anali kugula kwambiri pa intaneti. Anawerengera kuti msonkho utaikidwa pa malonda amenewa, pafupifupi wogula mmodzi mwa anai alionse akanaleka. Mu 2014 akatswiri ena, poona malonda a pa eBay, anapeza kuti msonkho ukakwera m'cigawo, anthu ake amagula zambiri pa intaneti koma amathawa ogulitsa a m'cigawo cao comwe. Masitolo a m'matauni anadandaula kwa zaka zambiri, kufikira mu June 2018 pamene khoti lija, pa mlandu wa pakati pa cigawo ca South Dakota ndi kampani ya Wayfair, linasintha cigamulo cake ndi kulola zigawo kutolera msonkho kwa ogulitsa akutali.

Maiko enanso atseka mipata yotere. Mu July 2021 maiko a m'bungwe la European Union analeka kukhululukira VAT pa timaphukusi tocepa mtengo tocokera kunja. Mu 2024 South Africa inakhwimitsa msonkho pa timaphukusi ta zovala tocokera ku masitolo monga Shein ndi Temu, mafakitale a m'dzikolo atadandaula. Mu 2025 America nayonso inathetsa lamulo limene linali kulola maphukusi osapitirira madola 800 kulowa popanda msonkho wa pamalire.

Phunziro lake ndi lakuti wogula kulikonse amathamangira kumene msonkho wacepa. Kusiyana kwake ndi uku: m'Zambia VAT ndi imodzi kucokera ku Livingstone kufika ku Chama, cotero kugula ku cigawo cina sikucepetsa msonkho. Mpata wozembera umene ulipo kuno ndi wa wogulitsa wosalembetsa ndi wa katundu wolowa mozemba, ndipo mpata umenewo uli ndi minga yake.

Malire ali pafupi

Cipata ca Lusuntha, colowera ku Malawi, ciri pafupi ndi boma la Lundazi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Mzimba ndi ku Kasungu. Ndalama ya ku Malawi itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nkhani ya mitengo ya tsidya lija inali pakamwa pa amalonda onse a m'malire. Foni yapeputsa malonda amenewa, pakuti cithunzi cimaoloka malire popanda ciphaso.

Katundu yekha ndiye afunika kudzera pa cipata. Wodzera njira za m'chire akagwidwa amalandidwa, ndipo amene anatumiza ndalama zake patsogolo alibe kokadandaula. Amalonda ang'onoang'ono adziwe kuti bungwe la COMESA linakonza njira yapafupi yoolotsera katundu wosapitirira madola 2,000. Katundu wopangidwa m'maiko awiriwa, amene ali pa mndandanda wogwirizana, salipira msonkho wa pamalire, ngakhale misonkho ina monga VAT ingakhalepo. Njirayi imagwira nchito pa cipata ca Mwami, kufupi ndi Chipata, cimene mu December 2022 cinatsegulidwa monga cipata cimodzi ca maiko onse awiri. Kufunsa a kasitomu ulendo usanayambe kulibe mtengo, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Wa sitolo ya pa boma

Tisaiwale wamalonda wa pa boma amene amalipira lendi, laisensi ya khonsolo, anchito ndi misonkho ya ZRA. Kuyambira mu 2024 amalonda olembetsa VAT analamulidwa kupereka malisiti odzera m'makina a ZRA ochedwa Smart Invoice. Munthu wotere akapikisana ndi wogulitsa wa pa WhatsApp amene alibe sitolo kapena lisiti, mtengo wake udzaoneka wokwera nthawi zonse.

Koma m'mtengo wokwerawo muli zinthu zimene cithunzi sicingapereke. Wailesi mumaiyesa musanalipire. Ikafa mawa, mwini sitolo mumamdziwa ndipo mudzampeza pamalo pomwepo. Lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa wamalonda kupacika cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limamva madandaulo a ogula. Koma bungwelo lifuna umboni, ndipo umboni woyamba ndi lisiti. Wogulitsa amene mumangomdziwa ndi nambala ya foni akazima foniyo, mlandu umavuta. Paja cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Misonkho yomweyo ndiyo imathandiza kulipira aphunzitsi, kugula mankhwala m'zipatala ndi kukonza misewu. Anthu a m'madera akutali, amene amalipira msonkho wokulirapo kaamba ka mtunda, ali ndi cifukwa comveka cofunsira aphungu ndi makhansala ao za misewu ndi nsanja za mafoni. Msewu ukakhala wabwino mtengo wonyamulira umatsika, ndipo msonkho wokwera pamwamba pakewo umatsika nao.

Musanatumize ndalama

Banja lisanatumize ndalama za zokolola, liyenera kutenga pensulo ndi pepala ndi kulemba zinthu zisanu: mtengo wa pa cithunzi, ndalama yonyamulira kufika ku Lusaka ngati katunduyo ndi wakunja, misonkho ya pamalire, ndalama ya basi kufika pa boma, ndi ulendo wanu wokatenga. Ciwerengero cimene catuluka ndico muyerekeze ndi mtengo wa m'sitolo ya pa boma kapena ya ku Chipata.

Funsani wogulitsa momveka ngati mtengo wake waphatikiza kale msonkho ndi zonyamulira, ndipo yankho lake likhale lolembedwa pa foni. Funsani dzina la sitolo ndi pamene iri, ndipo ngati muli ndi m'bale ku Lusaka, mtumeni akaone katunduyo ndi maso asanalipire. Sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, pamodzi ndi lisiti ya phukusi ya pa basi. Nambala yanu yacinsinsi ya pa foni musauze munthu aliyense, ngakhale amene akuti akuimba kucokera ku kampani ya mafoni. Mukaberedwa, dziwitsani kampaniyo ndi apolisi tsiku lomwelo.

Mabanja a m'mudzi umodzi, magulu a amai ndi makopaletivu angathe kuitanitsa pamodzi, pakuti phukusi limodzi lalikulu limachipa kunyamula kuposa timaphukusi khumi, ndipo wokatenga pa boma amakhala mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Zinthu zazing'ono, zopepuka ndi zosowa pa boma ndizo zimapindulitsa kuitanitsa pa foni. Zolemera monga malata ndi simenti, ndi zofunika kuyesa monga nsapato, nthawi zambiri zimachipa pafupi ndi kwanu mukawerengera zonse. Ndalama ya cimanga imabwera kamodzi pa caka, ndipo mbeu ndi feteleza wa mu November ziyenera kucokera m'thumba lomwelo.